Pulogalamu yowerengera ndalama za tiyi: pa calculator kapena pa foni

Mlimi wa tiyi ku Thyolo masamu ake ndi omwewo mwezi ndi mwezi: makilo a masamba kuchulukitsa ndi mtengo, kenako kuchotsa ngongole ya feteleza. Ntchito yobwerezabwereza yotereyi ndiyo yabwino kuphunzirirapo pulogalamu yoyamba.

Casio fx-82 yomwe ana a sekondale amayenda nayo sisunga pulogalamu. Pamafunika calculator yojambula magirafu, monga TI-84 Plus. Dinani PRGM, pitani pa NEW, lembani dzina losapitirira zilembo 8, tinene TIYI, kenako mizere iyi:

Prompt K,M,N
K*M-N→T
Disp T

K ndi makilo, M mtengo, N ngongole, T ndalama zotsala. Kamuviko kali pa batani la STO. Prompt ndi Disp muzitenge mu PRGM pa I/O. Mukazilemba nokha ndi zilembo, sizigwira ntchito.

Samalani kwambiri ndi mabatani awiri ofanana, lochotsera ndi la (-), lolembera nambala zochepera ziro. Mukadina (-) pakati pa M ndi N, makinawo sadandaula ayi, amangochulukitsa. Yesani makilo 240, mtengo 200, ngongole 15000. Yankho loona ndi 33000. Mukaona -720000000, mwasokoneza mabataniwo. Pulogalamuyo imakhala mu RAM (mosungira zinthu mu calculator) ya 24 KB, ndipo wina akapanga reset yafufutika, choncho ikopereni m'kope.

Pa foni ya Android ikani Pydroid 3, yolemberamo mapulogalamu m'chinenero cha Python. Bandulo imafunika poitsitsa pokha. Mzere woyamba ukhale:

k = float(input("Makilo: "))

Chitani chimodzimodzi ndi m ndi n, mumalize ndi print(k*m-n). Mukaiwala float, Python imatenga 240 ngati mawu, ndiye imakana ndi TypeError. Kiyibodi ya foni nayo imakonda kuyamba mzere ndi chilembo chachikulu, ndipo Print imabweretsa NameError. Zimitsani zimenezo musanayambe.

Ngati foni muli nayo kale, musagule calculator chifukwa cha mapulogalamu okha. Python ndiyo mudzaipezenso pa kompyuta, pomwe TI-BASIC, chinenero cha pulogalamu ya pa TI-84 ija, imathera pa calculator pompo. Calculator imapambana magetsi akathima, poti imayendera mabatire 4 a AAA, komanso mulibe WhatsApp yosokoneza mwana. Koma sikirini yake imaonetsa mizere 8 yokha ya zilembo 16. Mukafuna kusunga maina ndi makilo a alimi a kalabu yonse, samukirani pa kompyuta.