Chifuwa chosatha pambuyo pa TB: kodi opaleshoni ya mapapo ndi ya yani?

M'midzi ya ku Chipata, Chadiza ndi Katete ndimakumana ndi anthu amene anamwa mankhwala a TB miyezi 6 yonse, kuchipatala n'kuwauza kuti achira, koma chifuwa osaleka. Kukacha, asanasambe n'kumaso komwe, ayamba kutsokomola, makhololo achikasu kapena obiriwira mpaka kufika theka la kapu, tsiku lina onunkha. Akakayezetsa makhololo pa makina oyezera TB a GeneXpert, TB palibe. Kumudzi manong'onong'o ayamba, akuti munthuyu anam'ponda. Ena mwa anthu otere vuto lawo ndi bronchiectasis, kutanuka kwa tinjira ta mpweya m'mapapo, ndipo akangomva kuti papo linaonongeka, funso lawo limakhala limodzi: "Nanga bwanji osangodulapo poolapo?"

Amene munasendapo mbuzi mukulidziwa kholingo loyera lija limene limalowa m'mapapo n'kugawikana ngati nthambi. Mwa munthu ndi momwemonso. TB, chibayo choopsa, chikuku kapena chifuwa chokoka mtima cha paubwana zimatha kuononga makoma a tinjira timeneti, n'kutanuka osabwereranso. Potanukapo makhololo amadikha ngati madzi a m'ngalande yogumuka kudimba, tizilombo n'kuswana, n'kuononganso kwambiri. Si matenda achilendo ayi. Dokotala wa ku France, René Laennec, yemwe anapanga chida chomvera pachifuwa chija, anawalongosola kale mu 1819.

Kudulapo n'kotheka, chifukwa papo ndi la magawo: lakumanja lili ndi 3, lakumanzere 2, ndipo gawo lililonse lili ndi timagawo take. Koma ndinene mosabisa, abale anga: opaleshoniyi ndi ya ochepa. Imathandiza munthu amene poonongeka pali pamalo amodzi, mwachitsanzo gawo la m'munsi la papo lakumanzere, kwina konse kuli bwino. Ngati tinjira tatanuka uku ndi uku m'mapapo onse awiri, mpeni ulibe chimene ungakonze. Dokotala angachotse mbali yoipitsitsa, koma chifuwa chidzapitirira, mpweya utachepa kuposa kale. Ngakhale malangizo a mu 2017 a European Respiratory Society, bungwe la akatswiri a mapapo ku Ulaya, akuti opaleshoni iganiziridwe pokhapokha matenda ali pamalo amodzi, ndiponso munthu akudwaladwalabe atayesa bwino njira zina zonse.

Mawu oti "atayesa bwino" ndi amene anthu amadumpha. Kuyesa bwino si kugula timakapusozi tiwiri titatu pa kantemba chifuwa chikavuta. Ndi kupereka makhololo kuti aone kachilombo kake, n'kumwa mankhwala oyenera masiku onse amene auzidwa, kawirikawiri 14. Ndi kutulutsa makhololo m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, monga a fizio, ophunzitsa zolimbitsa thupi kuchipatala, amaphunzitsira: kukoka mpweya mwakuya kangapo, kenako kuutulutsa pakamwa potsegula ngati ukuuzira nthunzi pagalasi, ndiye n'kutsokomola. Ndi kusiya fodya, kumwa madzi okwanira, ndi kutulutsa mbaula panja m'malo mowotha malasha m'nyumba yotseka. Ndaona anthu amene ankalira opaleshoni, atagwira zimenezi miyezi ingapo nkhani ya mpeni anaiiwala okha.

Amene amafika kwa dokotala wa opaleshoni ndi awa: wodwaladwala chaka chonse ngakhale akutsata zonsezi, wotsokomola magazi mobwerezabwereza, amene gawo lina kapena papo lonse linafota n'kusanduka thumba la mafinya, ndi amene m'bowo limene TB inasiya mwamera chuku. Chukucho ndi cha mtundu wa Aspergillus, chibale cha chija chimaononga nshawa zosauma bwino. Chimaundana ngati kampira m'bowomo ndipo chimakonda kutulutsa magazi.

Pa magazi pano ndiimepo. Timizere tofiira m'makhololo tikufuna kuti mupite kukiliniki tsiku lomwelo kapena mawa lake. Koma magazi enieni, okwana masipuni angapo kapena kuposa, ndi ngozi ya nthawi yomweyo. Choopsa si kutha magazi m'thupi ayi, koma kutsamwa nawo. Ngati mukudziwa papo lodwala, m'gonekeni wodwalayo chammbali, mbali yodwalayo pansi, kuti magazi asalowe m'papo labwino, ndipo funani galimoto osadikira kuti kuche. Ku zipatala zazikulu pali njira yotseka mtsempha wotulutsa magaziwo osang'amba chifuwa: amalowetsa kachubu kowonda mumtsempha wa m'mphechepeche n'kukatseka mkati. Imaletsa magazi msanga, ngakhale kuti nthawi zina amadzayambanso, ndiye opaleshoni imadzachitika pambuyo munthu atapezako mphamvu.

Opaleshoni yake ili pangapo. Yofala ndi kuchotsa gawo limodzi lathunthu, imene madokotala amati lobectomy. Poonongeka pakakhala pang'ono amachotsa kagawo chabe kuti apulumutse papo lambiri. Papo lonse amalichotsa pokhapokha litaferatu, ndipo imeneyi ndiyo yoopsa kwambiri, ngakhale munthu amatha kukhala ndi papo limodzi. Kalowedwe kake n'kuwiri: kung'amba pakati pa nthiti chakumbali, kapena kuboola timabowo n'kulowetsa kamera. Ya kamera bala lake limapola msanga, koma papo limene linadwala TB nthawi zambiri limakhala litamatirira ku nthiti, ndiye musadabwe dokotala akasankha kung'amba. Kuika mapapo a munthu wina ndi kwa amene mapapo onse awiri atheratu, ndipo zimenezi zimachitikira kunja, monga ku South Africa ndi ku India, pa ndalama zambiri komanso mankhwala a moyo wonse.

Njira yake imayambira pa kiliniki yanu ndi kalata yopita ku chipatala chachikulu monga Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete, ndipo akaona kuti m'pofunika amakutumizani ku Lusaka, kumene kuli madokotala a opaleshoni ya pachifuwa, monga ku University Teaching Hospital (UTH). Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, choncho musapite chimanjamanja. Tengani kadi lakale la TB, zithunzi zonse za pachifuwa ngakhale za zaka 10 zapitazo, ndi mayina a mankhwala amene munamwapo. X-ray wamba imatha kuphonya matendawa. Imene imaonetsa bwinobwino pamene pali vuto ndi CT scan, makina ojambula mkati mwa chifuwa mwatsatanetsatane, ndipo popanda iyo palibe dokotala angakudule. Adzakuuziritsani mpweya m'kamakina kuti aone ngati papo lotsala lidzakwanitsa ntchito, adzayezanso TB, mwina n'kulowetsa kachubu ka kamera m'kholingo kuona ngati sipanatsekeke ndi chinthu. Amene ali pa ma ARV kapena ali ndi shuga, zimenezo zikhale m'malo mwake kaye. Wa fodya asiye milungu 4 kapena kuposa tsiku lisanafike. Thupi likhalenso ndi mnofu: nyemba, nshawa, mazira, kapenta.

Mukatsitsimuka mudzapeza paipi yatuluka m'nthiti kulowa m'botolo la madzi pansi pa bedi, ndipo mukatsokomola madziwo amachita thovu. Musachite mantha, ikutulutsa mpweya ndi madzi otsala, ndipo imachotsedwa pakapita masiku. Anesi adzakudzutsani kuti muyende mawa lake lomwe, bala likuwawa chomwecho. Si nkhanza. Wogona chigonere makhololo amam'tsekera papo lotsalalo. Pemphani mankhwala a ululu, kumbatirani pilo pabalapo, mutsokomole.

Ngati si ya ngozi, kambiranani ndi dokotala za nyengo. Thumba la chimanga la 50 kg, khasu ndi ngolo muzisiye milungu 6 kapena kuposa, ndiye tsiku logwa mutakolola ndi labwino kuposa la mu Disembala pamene kumunda kukufuna manja. Mukabwerera kumudzi, thupi likatentha, bala likayamba mafinya, phuma likakula, kapena mwadzidzidzi mukayamba kutsokomola madzimadzi ambiri ofiirira, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo ndi kalata yanu ya ku Lusaka m'manja, chifukwa mwina pamene anasoka njira ya mpweya pamasuka.