Musanagule injini ya boti lanu la thanga, yambani mwayeza thabwa lakumbuyo

Anthu ambiri a mu Blantyre muno amene ali ndi maboti ang'onoang'ono a thanga ku Mangochi kapena ku Monkey Bay amalowa m'sitolo ndi funso limodzi: injiniyi ndi ya hosipawa zingati? Funso limenelo libwere pambuyo. Choyamba tengani tepi, muyeze thabwa lakumbuyo kwa boti, kuchokera pamwamba pomwe injini idzakhale mpaka pansi penipeni. Mukapeza masentimita pafupifupi 38, mukufunika injini ya mwendo waufupi (mwendo ndi gawo la injini lotsikira m'madzi, kumene kuli pulopela). Akafika cha m'ma 51, gulani ya mwendo wautali.

Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kafulati. Injini ikamangidwa bwino, kachitsuloka kamalingana ndi pansi pa boti kapena kutsikirako pang'ono. Mwendo ukafupika, vuto silioneka nyanja ili bata. Limadzaonekera m'miyezi ya Juni ndi Julaye, Mwera ukautsa mafunde: kumbuyo kwa boti kukanyamuka, pulopela imatuluka m'madzi, injini n'kumalira kwambiri koma boti osayenda, ndipo timabowo tokokera madzi oziziritsa timayamba kukoka mpweya. Apa ndi pamene injini zambiri zimapsera. Mwendo ukatalikitsa, umakokera boti m'mbuyo ndipo umagunda mchenga m'malo osaya ngati m'nyanja ya Malombe.

Pa nkhani ya mphamvu, musatengere asodzi. Yamaha Enduro ya hosipawa 15 imene mumaiona m'madoko ndi yabwino pa boti la matabwa lonyamula chilimira ndi alovi, koma imalemera makilogalamu oposa 35. Mukaipachika pa kaboti ka mamita 4, kumbuyo kumamira, mphuno n'kuloza kumwamba, mafunde n'kumalowera kumbuyoko. Boti la thanga lili ndi liwiro lake limene silingapitirire ngakhale mutawonjezera mphamvu, mungotha petulo. Hosipawa 2.5 mpaka 4 ndi zokwanira kukutulutsani padoko ndi kukubwezani kumtunda mphepo ikaleka. Ngati boti lili ndi kachikwangwani ka opanga, musadutse malire amene analembapo.

Pomanga, kumbukirani kuti pakati pa thabwa lija pali kale chiwongolero. Injini iyenera kukhala chakumbali, ndipo musanalimbitse, tembenuzani chiwongolero mbali zonse ziwiri mpaka pothera, muone ngati sichikhudza pulopela. Thabwalo likhale lolimba. Libayeni ndi sikuludilaiva m'makona. Ikalowa mosavuta ndiye kuti linafumbwa, pitani nalo kwa kalipentala kaye. Ikani kathabwa kena pomwe zomangira zikuluma, limbitsani ndi manja osati ndi sipanala, ndipo mukayenda mphindi zingapo muzikhudzenso chifukwa kunjenjemera kumazimasula. Chingwe chomangira injini ku boti musachinyozere. Injini ikapulumuka pakuya, ndalama zanu zapita, palibe wokaivuula.

Injini yogula kwa munthu muiyesere konkuno, musanauyambe ulendo wodzera ku Zomba ndi ku Liwonde. Imangeni m'diramu la madzi, madziwo apitirire kachitsulo kafulati kaja, kenako muilize. Kumbuyo kwake kuzituluka kamtsinje ka madzi kosadukiza. Kakamadontha kapena osatuluka n'komwe, kampira kopopa madzi katha. Wogulitsa akafuna kuiliza pouma kuti mungomva kulira kwake, mukanizeni, chifukwa kampirako kamawonongeka m'kanthawi kochepa. Funsaninso makaniko wanu ngati masipeya ake amapezeka m'masitolo a ku Limbe kapena mu Blantyre. Ine ndimakonda injini yakale yodziwika kusiyana ndi yatsopano yotchipa imene pulagi yake yokha n'kuchita kuitanitsa kunja.

Ngati ndi injini yosakaniza petulo ndi oyilo, tsatirani muyezo wa m'buku lake. Zambiri zimafuna 50:1, kutanthauza mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo, ndipo oyiloyo akhale wa injini za pamadzi, osati wa galimoto. Ya oyilo wapayekha igonekeni m'galimoto kumbali imene opanga anasonyeza, apo ayi oyilo amalowa musilinda mukafika kunyanja injini n'kukana kulira. Kachingwe kofiira kozimitsira injini muzikamanga padzanja nthawi zonse, kuti mukagwera m'madzi boti lisakusiyeni, ndipo nkhafi ndi majekete oyandamitsa zisatsale kumtunda chifukwa choti mwagula injini.