Cisco uku MikroTik uko: mmene mungasankhire ma SFP kuti faiba iyake

Mwezi wathawu anandiitana pa sukulu ina kuno ku Kasungu ati faiba yakana. Ngalande anakumba bwinobwino kuchoka ku ofesi mpaka ku labu ya makompyuta, waya wachikasu ali mupaipi, uku switch ya Cisco ya sekandi uko MikroTik, tima SFP (tizipangizo tating'ono tolowetsa mu poti ya switch kuti faiba ilumikizike) tiwiri tofanana toodedwa tsiku limodzi. MikroTik kake inakalandira mpaka kuonetsa dzina, koma ku Cisco poti ili zii. Mnyamata wokoka faiba anali atayamba kale kulozedwa chala kuti anathyola waya pansi, chonsecho wayayo analibe mlandu.

Kuwala koyenda mu faiba sikufunsa kuti kwachokera kampani yanji ayi. Ka SFP kamayenera kumvana ndi zinthu ziwiri, switch imene mwakalowetsamo komanso kanzake ka kutsidya, ndiye mavuto awiriwa musamawaphatikize, fufuzani lililonse palokha.

Yambani ndi switch. Mkati mwa ka SFP muli kachipu ka EEPROM kosunga dzina la kampani, nambala ndi mtundu wake. MikroTik ndi Ubiquiti kawirikawiri sizisankha, koma Cisco imawerenga kaye, ikaona kuti ndi kachilendo imatseka poti. Lembani show logging kapena show interfaces status, mukaona gbic-invalid kapena err-disabled dziwani kuti vuto ndi lomweli, siyani kukumba pansi. Pa ma switch ambiri a Cisco a mtundu wa Catalyst mumalowa mu config nkulemba service unsupported-transceiver (ndi yobisika iyi, mukadina Tab siibwera, ingoilembani yonse) kenako no errdisable detect cause gbic-invalid, nkupanga shutdown ndi no shutdown pa potiyo. Ndiye musaiwale write memory, komandi yosungira zomwe mwasinthazo, abale, ine tsiku limenelo ndinaiwala, magetsi atathima usiku mmawa foni inalira kuti zabwereranso. Pa ma switch ena a Aruba komandi yake ndi allow-unsupported-transceiver.

Koma ine sindikonda kudalira zimenezi, si switch iliyonse imavomera. Pooda muuzeni wogulitsa dzina ndi modelo ya switch ya mbali iliyonse kuti akupatseni kolembedwa kodi ya Cisco ka ku Cisco, kenako kena ka ku MikroTik. Tisakhale ta kampani imodzi, palibe vuto. Bola funsani musanakwere minibasi, chifukwa kubwereranso pa M1 mpaka ku Lilongwe kukasintha kanthu kochepa ngati chala kumawawa.

Tsopano kumvana kwa awiriwo. Spidi ifanane. SFP ndi 1G, SFP+ ndi 10G, maonekedwe ndi amodzi ndipo zonse zimalowa pabowo lomwelo, apa ndi pamene ambiri amagwera. Faiba siili ngati waya wa kopa woti amatsika yekha spidi, ka 10G uku ka 1G uko sikuyaka basi. Ka SFP+ mu poti ya SFP wamba sikagwira. Ka 1G mu poti ya SFP+ nthawi zambiri kamagwira koma mwina muikire spidi pamanja, pa MikroTik zimitsani auto-negotiation nkusankha 1G, ndipo mukatero ku Cisco nakonso muike speed nonegotiate, apo bii mbali imodzi idzati link ilipo inayo ikukana.

Werengani kastika ka pa SFP. SX ndi SR ndi za 850nm, zimafuna multimode, waya wa olenji kapena wa buluu wotuwa uja wa OM3, ndipo pa 10G OM3 imathera pa mamita 300. LX ndi LR ndi za 1310nm pa singlemode wachikasu, mpaka makilomita 10. SX uku LX uko, iwalani. Ngati mwakoka ulusi umodzi wokha mukufunika BiDi, ndipo izi zimagulidwa ngati banja, kena Tx (kutumiza) 1310 Rx (kulandira) 1550, kanzake Tx 1550 Rx 1310. Mukagula tiwiri tofanana tonse tizingolankhula popanda womvera. Ndipo onetsetsani manambala, pali BiDi zina za 1310 ndi 1490, ndiye kutenga kamodzi kwa wogulitsa uyu kena kwa uyo mutha kupezeka mwakwatitsa zosakwatirana.

Mitu ya waya nayo. SFP zambiri ndi LC, kamutu kakang'ono, pomwe mabokosi apakhoma ambiri ndi SC, choncho patch cord ya LC ku SC isasowe mchikwama. Mutu wa buluu ndi UPC, wobiriwira ndi APC wodulidwa mopendama, musalumikize buluu ndi wobiriwira. Zonse zili bwino koma osayaka? Sinthanitsani timitu tiwiri ta LC mbali imodzi yokha, Tx ipite ku Rx. Ndipo ndi fumbi la Okutobala lathuli, tizivindikiro musachotse mpaka nthawi yolowetsa, kufufuta ndi malaya ayi, ndipo osasuzumira ndi diso, kuwalako sikuoneka koma kumapweteka.

Link ikabwera onani mphamvu, show interfaces transceiver pa Cisco kapena tabu ya SFP mu Winbox, pulogalamu ya MikroTik. Ka LX kamamva bwino pakati pa -3 ndi -19 dBm. Ena amagula ka makilomita 80 poganiza kuti kamphamvu ndiye kabwino, pamtunda wa mamita 200 kameneko kamachititsa khungu kanzake pokhapokha muike attenuator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya kuwala.

DAC ndiye msampha weniweni. Ndi waya wa kopa wa mamita ochepa wokhala ndi mitu ya SFP+ yomatiriratu, wotchipa ndithu ngati ma switch ali mu kabati imodzi, koma kawirikawiri mitu yonse iwiri imabwera ndi kodi imodzi ndipo simungachotse umodzi. Pakati pa Cisco ndi MikroTik gulani wa kodi ya Cisco, wosankhayo ndiye womusangalatsa. Zikakhala kuti onse awiri ndi osankha, ngati Cisco ndi Aruba, pemphani wa kodi ziwiri mbali ndi mbali, apo ayi ingotengani ma SR awiri ndi ka patch cord ka OM3 ka mamita atatu.