Mmene mungayendere ndi banja ku Ladakh, chipululu cha pamwamba pa mapiri

Ladakh ili kumpoto kwenikweni kwa India, kuseri kwa mapiri a Himalaya. Mapiriwo amatchinga mitambo, moti tawuni ya Leh imalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 100 okha pachaka. Ndi dziko la miyala, fumbi ndi thambo lobiriwira kwambiri. Leh ili pa mamita pafupifupi 3,500, pomwe Sapitwa wa ku Mulanje ali pa 3,002, ndiye mukangotsika ndege mwaima kale pamwamba kuposa nsonga yaitali ya kwathu. Ife tinapita anayi, ndi ana a zaka 9 ndi 13, ndipo ndondomeko yomwe ndikupatsaniyi yagona pa chinthu chimodzi: musakwere msanga kuposa mmene thupi la mwana wamng'ono lingalolere.

Yambani ndi dokotala, tikiti pambuyo

Pa msinkhu wa Leh, mpweya womwe munthu amakoka umakhala ndi okosijeni wokwana magawo awiri mwa atatu a amene angapeze m'mphepete mwa nyanja yamchere. Amene ali ndi vuto la mtima, la mapapo, kuchepa magazi kapena mayi woyembekezera aonane ndi dokotala musanalipire kalikonse. Nkhani ya sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo, ndiyo ndikufuna muigwiritsitse, poti ilipo m'mabanja ambiri kwathu. Kuchepa kwa okosijeni kumadzutsa matendawa, ndipo ngakhale munthu wongotengera mbali imodzi ya magaziwa, amene sanadwalepo, akhoza kuvulala kapamba ali pamwamba chotero. Yezetsani banja lonse. Za mankhwala a acetazolamide, omwe amathandiza thupi kuzolowera, funsani komweko. Musawagule mongomva kwa anzanu.

Sankhani mwezi ndi njira

Nyengo yabwino ndi kuyambira Juni mpaka Seputembala. M'nyengo yozizira chipale chimatseka misewu yolowera m'derali. Ndege yochokera ku Delhi imatenga pafupifupi ola ndi theka. Misewu ikuluikulu ilipo iwiri. Wochokera ku Srinagar, wodzera pa mpata wa m'mapiri wa Zoji La ndi tawuni ya Kargil, umakwera pang'onopang'ono ndipo thupi limapeza mpata. Wochokera ku Manali ndi wokongola koma umakwera modzidzimutsa ndipo nthawi zina umagoneka anthu pamalo oposa mamita 4,000 matupi asanakonzeke. Ndi ana, umenewo usiyeni, kapena mudzadzere pobwerera.

Masiku awiri oyamba, khalani pansi

Akuluakulu a boma ku Leh amalamula kuti ofika pandege apume maola 48 asanapite kumalo okwera kwambiri. Lamuloli ndimalikonda. Tsiku loyamba nkugona, kumwa madzi ndi kudya zopepuka basi. Mowa ayi, kuthamanga ayi, ngakhale masitepe a kumalo ogona muziwakwera ngati nkhalamba.

Mwana wathu wamng'ono anafika ali gwa, akudumphadumpha pabwalo, ife nkumati wapirira kuposa tonse. Pofika madzulo anakana msuzi wa thukpa womwe anali atauyamikira masana, nkukhala pakona ya bedi atagwira chipumi, osalankhula. Sananene kuti mutu ukuwawa. Ana ambiri sanena, amangozizira, kunyansidwa ndi chakudya kapena kulira popanda chifukwa. Tinamupatsa panado ndi madzi, tinamuyang'anira usiku wonse, ndipo kutacha anapempha dzira. Tsiku lachitatu tinaliwonjezerabe pa kupuma, ulendo wa kunyanja ya Pangong tinausuntha.

Litsipa, nseru, chizungulire ndi kusowa tulo ndi zizindikiro zoyamba, ndipo zikaoneka musakwerenso. Koma wina akayamba kudzandira ngati woledzera, kusokonezeka mutu, kubanika ali chikhalire kapena kutsokomola makhololo a thovu, musadikire kuti kuche. Mutsitseni nthawi yomweyo ndipo mupite naye kuchipatala. Ku Leh chachikulu ndi Sonam Norboo Memorial.

Madzulo a tsiku lachiwiri mungapite pagalimoto ku Shanti Stupa, malo opatulika achibuda a paphiri, kukaona chigwa cha mtsinje wa Indus dzuwa likulowa. Mmawa mwake pitani ku Thiksey, nyumba ya amonke achibuda yomangidwa mosanjikizana paphiri, makilomita osakwana 20 kuchokera m'tawuni. Lawirirani kuti mukapeze mapemphero a mbandakucha. Vulani nsapato polowa, ndipo pozungulira malo opatulika muziwasiya kudzanja lamanja. Aphunzitseni ana mawu amodzi, julley: ndi moni, ndi zikomo, ndi tsalani bwino.

Mapepala, galimoto ndi foni

Derali lili pafupi ndi malire a Pakistan ndi China, choncho visa ya India payokha siyokwanira kukafika ku chigwa cha Nubra ndi ku nyanja ya Pangong. Mlendo wakunja amafunika Protected Area Permit, yomwe imatengedwa kudzera kwa okonza maulendo ovomerezeka ku Leh. Nyamulani mapasipoti ndi makope angapo a chilolezocho, poti pamaroliboloko amasiyitsa limodzi. Chitani hayala galimoto ya ku Leh komweko ndi dalaivala wake, amene amadziwa pamene mtsinje umadzaza msewu masana madzi oundana akasungunuka. Mufunseni ngati ali ndi botolo la okosijeni. Simukhadi yolipiriratu yogulidwa ku Delhi sigwira ku Ladakh, ndiye gulani ya komweko, ndipo tapani ndalama zokwanira musanatuluke m'tawuni.

Nubra kaye, Pangong pambuyo

Ambiri amalakwa apa chifukwa chothamangira chithunzi cha panyanja. Kupita ku Nubra mumadutsa pa mpata wa m'mapiri wa Khardung La, mamita oposa 5,300, makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Leh. Pamenepo tsikani, jambulani pa mbendera za mapemphero, bwererani m'galimoto pasanathe mphindi 15 kapena 20. Ubwino wake, kutsidya mumatsikira ku Diskit ndi Hunder, komwe nkotsika kuposa Leh, ndipo tulo timabwera. Ku Diskit kuli chifanizo cha Buddha wotchedwa Maitreya cha mamita 32. Ku Hunder kuli milu ya mchenga wotuwa pansi pa mapiri a chipale, ndi ngamila za malinunda awiri, zotsalira za malonda akale a ku Central Asia. Ana athu anaiwala zonse za mutu atakhala pakati pa malinundawo. Gonani kumeneko masiku awiri.

Mukatero mungatsate mtsinje wa Shyok kupita ku Pangong, nyanja ya madzi amchere yotalika makilomita oposa 130, yomwe mbali yake yaikulu ili ku Tibet. Ili pa mamita oposa 4,200, ndipo usiku kumazizira koopsa ngakhale mu Julayi. Ngati wina m'banjamo akadali ndi litsipa, musagoneko. Ionereni masana nkubwerera ku Leh kudzera pa mpata wa Chang La.

Za m'chikwama

Dzuwa la kumeneko limatentha khungu mphepo ikuzizira, choncho valani zovala zosanjikiza zomwe mungavule ndi kuvalanso. Tengani zipewa, magalasi akuda a aliyense, mafuta oteteza ku dzuwa ndi Vaseline wa pamilomo ndi m'mphuno, poti kuuma kwa mpweya kumabweretsa kamfuno. Aliyense akhale ndi botolo lake lodzaziramo madzi owiritsa. M'nyumba za kumidzi mudzapeza chimbudzi chouma, chokhala ndi mulu wa dothi ndi fosholo pambali. Aonetseni ana kuthira dothi akamaliza ndipo asathiremo madzi, chifukwa eni nyumba amadzatapa zimenezo kukathira m'minda yawo ya barele.