Odwala shuga, fodya akukubwezani m'mbuyo

Ngati muli ndi matenda a shuga ndipo mumasuta, chonde muuzeni dokotala wanu, musabise. Nikotini wa mufodya amachititsa kuti thupi lisamamve bwino insulin (timadzi ta m'thupi totsitsa shuga m'magazi), motero shuga amangokwera ngakhale mukumwa mankhwala mokhulupirika. Amene alibe matendawa asadzinamize: osuta ali pachiopsezo choposa cha anzawo osasuta ndi 30 mpaka 40 peresenti chodwala shuga wa mtundu wachiwiri. Chingambwe ndi fodya wam'mphuno nazonso zili ndi nikotini yemweyo.

M'mimba namo fodya amasokoneza. Amafooketsa kamnofu kotseka kukhosi kwa chifu, asidi n'kumabwerera kumtunda, ndiye chilungulira chija mumamva mukangodya. Zilonda zam'mimba zimachedwa kupola. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mapazi: utsi umapanikiza mitsempha ya magazi, ndipo kabala kakang'ono kachala kangathe kufikitsa munthu podulidwa mwendo.

Mukasiya, njala imakula m'masabata oyamba. Sungani mtedza wokazinga wochepa kapena nkhaka m'malo mwa maswiti ndi zakumwa zotsekemera. Yezetsani shuga pafupipafupi nthawi imeneyi, chifukwa mlingo wa mankhwala anu ungafunike kusinthidwa kuchipatala.