Ma mailosi anga sankaoneka, ndakonza chonchi

Anzanga oyenda pa ndege, izi mwina zikuthandizani. Ndimakhala ku Dedza, kuntchito amanditumako kunja nthawi zina ndiye ndinkafuna ma mailosi, ma pointi amene kampani ya ndege imapatsa mamembala ake akayenda nayo, andigulire tikiti ya ulendo waufupi, Lilongwe kupita Lusaka kukaona achemwali akudwala. Kutsegula app ya kampaniyo ndikupeza ma pointi ochepa zedi, maulendo ena sanalowe n'komwe.

Ndinachotsa app ndikuikanso, ndinasintha password, ayi ndithu. Kuimba foni kunangondithera ma units.

Vuto linali loti amene ankatigulira matikiti sankalemba nambala yanga ya umembala pa booking. Ndiye ndinalowa pa webusaiti, osati app, n'kupeza pamene amati claim missing miles, popemphera ma mailosi amene sanalowe. Apa ndiye pofunika kwambiri. Amafuna nambala ya tikiti ya manambala 13 ija, osati ka kodi ka booking ka zilembo 6 kamene ambiri timakathamangira. Ili pa imelo ya e-ticket, pena pa boarding pass pomwe. Dzina pa tikiti lifanane ndi la pa akaunti, chilembo ndi chilembo ngati mu pasipoti. Ndinajambula ma boarding pass akale omwe ndimasunga mu envulopu n'kutumiza, patapita masiku ma pointi analowa. Musachedwe nazo, ulendo ukakhalitsa amakana.

Pogula tikiti, ndege ya Lachisanu inalibe mpando wogula ndi ma pointi, ndinaupeza pa ya Lachiwiri. Misonkho ya pa bwalo la ndege ndinalipira ndekha pa khadi, nthawi zambiri ma pointi salipira zimenezo, komanso musaiwale thiransipoti ya ku Lumbadzi.