Momwe mungapesere mphaka wa ubweya wautali pakhomo pomwe palinso agalu

Amphaka a Persian ndi Maine Coon amaoneka bwino zedi pa zithunzi za pa Facebook koma ubweya wawo uja ndi ntchito. Mphaka wamba akadzinyambita basi zatheka, awa ubweya umamangana mfundo pansi penipeni pafupi ndi khungu pomwe lilime silifika, ndiye kukatentha mu Okutobala utitiri umakabisala momwemo inu osadziwa.

Choyamba pezani chipeso chachitsulo cha mano otalikirana. Bulashi payokha imangosalaza pamwamba mfundo n'kutsala pansi. Agalu atsekereni panja kaye, chifukwa mphaka sangakhazikike galu akununkhiza pafupi, mungokandidwa zaulere. Dikirani nthawi yoti wakhuta ali ndi tulo, muikeni pamiyendo, pesani kuchokera kumutu kutsikira kumchira motsata momwe ubweya wagonera. Mphindi 5 tsiku ndi tsiku ndi zabwino kusiyana ndi kulimbana naye ola lathunthu Loweruka lokha, ndipo kupesaku kumachepetsanso ubweya womwe amameza n'kumasanza pa kapeti.

Malo ovuta ndi kuseri kwa makutu, m'khwapa, pamimba ndi pansi pa mchira pomwe chimbudzi chimakonda kumatirira. Mukapeza mfundo gwirani ubweya ndi zala pafupi ndi khungu kuti musamukoke, kenako masulani kuyambira kunsonga pang'ono pang'ono. Ikakana isiyeni, sizasi kapena lezala ayi ndithu, khungu la mphaka ndi lopyapyala ndipo limakokeka kulowa mumfundomo moti mumadula khungu mukuganiza kuti ndi ubweya. Pitani naye kwa dokotala wa ziweto akamete ndi mashini, ku Lilongwe kuli a LSPCA, bungwe losamalira ziweto.

Tsopano nkhani yomwe ine ndimaiona yayikulu kuposa chipeso. Mukupesa mwaona tinthu takuda ngati tsabola wogaya pakhungu, zimenezo ndi ndowe za utitiri, ndipo ngati mphaka ali nawo ndiye kuti galu nayenso ali nawo. Apa ambiri amangotenga mankhwala a galu n'kudonthezera mphaka pang'ono poganiza kuti mphaka ndi kagalu kakang'ono. Musatero. Mankhwala ambiri a utitiri ndi nkhupakupa a agalu ali ndi permethrin, chiwindi cha mphaka sichitha kuwachotsa m'thupi, amayamba kunjenjemera, kutuluka dovu, kugwa ngati wakhunyu mpaka kufa kumene. Werengani pabotolo. Aliyense apatsidwe mankhwala ake tsiku limodzi, zogonera zawo muchape ndi madzi otentha, ndipo galu wopakidwa permethrin asagone pamodzi ndi mphaka kwa masiku awiri kapena atatu chifukwa mphaka akangomukhudza n'kudzinyambita zavuta kale. Panado nayenso ndi poizoni kwa mphaka ngakhale theka la piritsi.

Zakudya musawaphatikizire mbale. Ya mphaka ikhale pamwamba, pa tebulo kapena pa shelefu pomwe galu safika, apo ayi galu amaliza zonse mphaka n'kumadya zotsala za galu zomwe zilibe taurine wokwanira (chinthu chofunika m'thupi la mphaka chopezeka mu nyama), ndipo mphaka akasowa taurine maso ndi mtima zimawonongeka. Bokosi la mchenga lochitiramo chimbudzi mphaka aliyense lake n'kuwonjezerapo limodzi, muliike pakona poti galu salowa, agalu amadya zimenezo, zonyansa koma ndi zoona.

Katemera wa chiwewe ndi wa onse, osati agalu okha. Ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya ziweto kuyambira 2015, mukamva kuti afika m'dera lanu mutengeni mphaka mu basiketi yotseka bwino chifukwa pamzerepo pamadzaza agalu.